Kiyi wa Kuchimbudzi Anali Pakhosi Panga

Ku fakitale yosoka mayunifolomu kumene ndimagwira ntchito, mukafunsa za asisi anga potchula dzina lawo lenileni, anthu angokandakanda m'mutu. Koma nenani kuti a Ngamila, aliyense akulozerani makina achitatu kuchokera pakhomo, pamzere wa makolala, ngakhale kuti chaka chatha chichokereni iwo pampandopo. Dzinali anawapatsa ndi amayi anzawo chifukwa asisi sankamwa madzi pantchito. Ine ndinkaseka nawo. Ndinene zoona, ndinkaseka kuposa onse, ndili kapitawo wawo, kiyi wa kuchimbudzi akulendewera pakhosi panga pa chingwe cha nsapato.

Kwathu tinabadwa awiri, asisi ndi ine, ndipo pakati pathu pali zaka khumi ndi chimodzi. Amayi atamwalira ine ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Asisi anasiya sukulu n'kukakhala pakhonde la sitolo ina ndi makina opalasa ndi mapazi, kusoka zigamba ndi kufupikitsa mathalauza a anthu. Ine ndinakulira pansi pa makinawo, kutola mapini ndi maginito. Yunifolomu yanga yoyamba inali ya zidutswa zinayi za nsalu zosiyana pang'ono mtundu, koma kolala yake inali yowongoka kuposa ya mwana wa ahedi.

Makolala ndiwo matenda awo oyamba. Asisi sangayang'ane munthu kumaso asanamuyang'ane pakhosi. M'basi amatha kukugunda ndi chigongono n'kunong'ona kuti taona bambo uyo, amene anasoka malaya akewo anali ndi njala. Alamu anga, munthu wa mawu ochepa amene amamata matayala pafupi ndi siteji, amati tsiku loyamba kukumana asisi anawauza kuti abweretse shati imene anavala aikonze kolala. Shatiyo sinabwerere, ndiye iwo anangoitsatira.

Kolala si ntchito ya aliyense. Pali nsalu ziwiri ndi cholimbitsa pakati, pali nsonga ziwiri zimene ziyenera kufanana, ndipo ukaphonya pang'ono pakati, shati yonse imayang'ana kumbali. Asisi ankatembenuza nsonga ndi kandodo ka nsungwi kamene anasema okha, kosalala ndi zaka, ndipo sankabwereka munthu. Mapini ankasunga pakamwa, moti amayankhula ndi mbali imodzi ya milomo ngakhale mapini mulibe. Chala chawo chachikulu chakumanja n'chophwatalala chifukwa chokanikiza mipendero. Fakitale itatsegulidwa anali m'gulu la oyamba kulembedwa, ndipo woyendera malaya ankangodutsa pa mulu wawo osautembenuza n'komwe.

Patapita zaka, banja langa litatha ine n'kubwerera ndi chikwama chimodzi, asisi anakagwada kwa abwana kuti andilembe. Kusoka ine sindinakhozepo. Msoko wanga umayenda ngati woledzera. Chimene ndili nacho ndi pakamwa, ndipo mawu anga amamveka pamwamba pa makina makumi asanu ndi limodzi akulira onse. Abwana anaona zimenezo, ndipo pasanathe zaka ziwiri anandipatsa jekete la buluu la ukapitawo, kudumpha anthu amene anandiphunzitsa kulowetsa ulusi. Ndinkaopa kuti asisi akhumudwa. Iwo anatenga jeketelo, kumasula kolala yake, kuisokanso, kulisita, n'kundiveka okha. Kuyambira tsiku limenelo kunyumba ndinali “iwe” monga kale, koma tikangolowa pageti ndinali “a kapitawo”, ndi ulemu wonse.

Holo yosokeramo ndi yaitali, ya malata, mawindo ali m'mwamba. Ikamakwana leveni koloko malata amayamba kuthetheka, mafani amangotembenuza mpweya wotentha womwewo pamodzi ndi fumbi la nsalu, ndipo msana wa aliyense umakhala utanyowa. Ntchito imayenda mopatsirana: wa thumba apatsa wa mapewa, wa mapewa apatsa wa kolala, wa kolala apatsa wa manja. Mmodzi akadzuka, amene ali kutsogolo kwake amakhala manja lende, ndipo kumbuyo kwake malaya amaunjikana. Zimbudzi zilipo ziwiri, kuseri kwa nyumba yosungiramo nsalu, ulendo wa mphindi zitatu kupita kokha.

Kwa nthawi yaitali ndinkauza anthu kuti za kiyi zinachokera kwa abwana. Linali bodza. Abwana anangodandaula pamsonkhano wa akapitawo kuti maoda akuchedwa ndipo amayi akukachezera kuchimbudzi ndi mafoni. Amene anakweza dzanja n'kunena kuti tiikepo loko ndine. Bolodi ndi choko ndinawonjezeranso ndine: wofuna kupita akweze dzanja, ndimupatse kiyi, ndilembe kamzere pa dzina lake. Timizere tikapitirira tiwiri patsiku, akafotokoze ku ofesi. Abwana anati ndili ndi mutu, ndipo ine ndinayenda tsiku lonse mapewa ali m'mwamba.

Nthawi imeneyo asisi anali munthu wa madzi. Anali ndi botolo la malita awiri limene analisokera kathumba ka nsalu yokhuthala. M'mawa ankanyowetsa kathumbako kuti madzi azizizira, ndipo pofika masana m'botolo munalibe kanthu. Sabata yoyamba ya loko, Lachitatu, anakweza dzanja kachitatu. Ndinawapatsa kiyi mwakachetechete, choko osachigwira. Ndiye pali mayi wina wa mabatani amene timamutcha Wailesi, chifukwa sazima. Anayankhula osadzutsa mutu, mokweza kuti mzere wonse umve, kuti kani chikhodzodzo cha wachibale sichilembedwa pabolodi. Amayi anaseka. 

Titaweruka ndinapita kunyumba kwa asisi nditapsa mtima kale. Ndinawapeza akusenda mbatata pakhomo la khitchini. Sindinakhale pansi n'komwe.

“Asisi, mukundichititsa manyazi. Anthu andimvera bwanji ngati m'bale wanga yemwe ndiye woyamba kuthamangira kuchimbudzi ngati mwana?”

Anandiyang'ana nthawi yaitali, mpeni uli m'manja. Kenako anagwedeza mutu kuti amva, n'kupitiriza kusenda. M'mawa mwake anabwera kuntchito opanda botolo.

Zaka zinayi asisi sanakwezenso dzanja. Tiyi wam'mawa anamusiya. Pa nkhomaliro loko ndinkachotsa, koma amayi makumi asanu ndi limodzi pa zimbudzi ziwiri mu theka la ola, mzere wake unkafika pageti. Asisi ankati bola kudya, n'kudya buledi wouma ndi kungonyowetsa kukhosi pampopi. Mkodzo ukawagwira masana ankapanikiza miyendo n'kupitiriza kusoka mpaka belu la faifi. Akafika kunyumba ndiye ankamwa ngati ng'ombe, alamu n'kumaseka. Dzina la Ngamila linabwera mwezi wachiwiri, ndipo analibweretsa ndi Wailesi yemweyo ataona nyamayo pa kalendala ya mu ofesi. Asisi sanakwiye. Wina akawaitana choncho ankayankha kuti ee, ndi linunda lomwe likubwera, n'kuloza msana wawo wowerama.

Msanawo unayamba kuwawa chaka chachiwiri, m'munsi mwa nthiti, chakumbuyo. Telala aliyense amadandaula msana, ndiye palibe anadabwa. Anayamba mapiritsi opha ululu a m'golosale, awiri m'mawa, awiri masana, kumeza ndi malovu okha. Akatha ndinkawagulira ndine, n'kumadziona ngati mng'ono wabwino. Kangapo anatentha thupi mpaka kunjenjemera, akumva kuotcha potaya madzi. Ankagula makapisozi a masiku awiri, zikachepa n'kusiya. Kuchipatala chaching'ono anawauzapo kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, azibwera Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse. Kuti munthu atuluke Lachiwiri pamafunika chikalata chosainidwa ndi kapitawo wake. Sanandipemphe, ndipo ine sindinafunse.

M'malo mwake ndinawasandutsa chitsanzo. Watsopano akakweza dzanja kachiwiri ndinkamulozera makina achitatu: waona mayi uyo, wamkulu kuposa mayi ako, unamuonapo akudzuka? Kumapeto kwa chaka china abwana anafuna kupereka mphatso kwa wantchito wosajomba, wosadzukadzuka, ndipo dzina ndinapereka ndine. Asisi analandira bokosi la matambula agalasi asanu ndi limodzi, anthu akuwomba m'manja. Matambula, kwa munthu wosamwa madzi. Wailesi anaseka mpaka kutsokomola. Asisi anakawaika pamwamba pa kabati osawatulutsa m'bokosi.

Zizindikiro zinalipo, ndipo maso ndinali nawo. Anadula nsapato zawo kumbuyo kuti mapazi alowe. Mphete yaukwati inakana kuvuka mpaka alamu anaidula ndi chida cha kuntchito kwawo. M'mawa zikope zinkakhala zotupa ngati alira, ankadzikanda msana ndi rula, ndipo ankati chakudya chilichonse chikumveka chitsulo m'kamwa. Ine ndinkawaseka kuti akunenepa, alamu akuwasamala. Tsiku lina Lachinayi woyendera malaya anandibweretsera shati ya kolala yopotoka, n'kunena kuti yachokera pa makina achitatu. Ndinamukalipira kuti asamanamizire anthu. Anabweranso ndi zina zisanu ndi ziwiri. Ndikupita kuti ndikafunse, ndinaona asisi akuwerama, kusanzira m'dengu la zidutswa, n'kutsetsereka pampando pang'onopang'ono mpaka pansi.

Kuchipatala chachikulu anawatenga magazi, kuwajambula pamimba, kuwaika madiripi. Tsiku lachiwiri kunabwera nesi wina wachikulire, wamfupi, wa magalasi ochindikala, ndi pepala la mafunso. Anafunsa kuti asisi amataya madzi kangati patsiku. Iwo anali ofooka, akufunafuna mawu, ndiye ine ndi pakamwa pangapa ndinayankha msanga kuti kuyambira seveni mpaka faifi sapita n'kamodzi komwe, zaka zinayi tsopano. Ndinayankha monyadira, mwa chizolowezi. Nesi anatsitsa magalasi n'kundifunsa kuti ndikudziwa bwanji bwinobwino choncho.

“Ndine kapitawo wawo. Kiyi amakhala ndi ine.”

 Nesi anangolemba, n'kupita pa funso lotsatira. Bola akanandilalatira.

Ndi nesi yemweyo amene anatiphunzitsa za impso, titakhala pabenchi ine ndi alamu. Ine ndinkangodziwa impso za mbuzi za kubutchala. Anakunga chibakera n'kuchiika kumbuyo kwake m'munsi mwa nthiti, pomwe paja asisi ankagwira, n'kunena kuti aliyense ali nazo ziwiri, kukula kwake chimenecho. Thupi likamagwira ntchito limasiya zinyalala m'magazi, monga ife timasiyira zidutswa pansi: zotsalira za nyama ndi nyemba zimene chiwindi chaphwanya, mchere wopitirira, madzi opitirira, mankhwala amene atha ntchito. Mapapo amatulutsa mpweya woipa, khungu limatulutsako pang'ono ndi thukuta, koma ntchito yaikulu ndi ya impso. M'kati mwa iliyonse muli tisefa ting'onoting'ono pafupifupi miliyoni. Magazi onse a munthu amadutsamo kambirimbiri patsiku, moti madzi osefedwawo atati asonkhanitsidwe angatsale pang'ono kudzaza diramu. Koma impso si zowononga. Pafupifupi onsewo zimawabweza m'magazi pamodzi ndi shuga ndi zina zofunika, n'kungosiya lita imodzi ndi theka yonyamula zoipazo. Imeneyo imatsika m'timapaipi tiwiri kupita m'chikhodzodzo, n'kudikira kuti mwini wake adzuke.

Anati zinyalala sizituluka popanda madzi ozinyamula. Munthu akamatuluka thukuta tsiku lonse osamwa, impso zimalandira magazi ochepa, mkodzo umachepa n'kuda, ndipo timiyala timatha kupangika. Ukasungidwa nthawi yaitali, tizilombo timaswana m'chikhodzodzo n'kukwera m'timapaipi tija mpaka kumtunda, ndipo matenda otero amatha kusiya chipsera nthawi iliyonse. Mapiritsi aja amachepetsanso magazi opita ku impso, makamaka mwa munthu wouma kale. Kuthamanga kwa magazi kumang'amba tisefa pang'onopang'ono. Choipa kwambiri n'chakuti impso sizidandaula msanga. Tisefa totsala timasenza ntchito ya takufa, mpaka tsiku limene sitingathenso. Alamu anafunsa ngati timameranso. Nesi anati takufa ayi, koma tilipo tina tongokomoka ndi matenda atsopanowa, ndipo timeneto nthawi zina timadzuka.

Alamu sanandinenepo kanthu mpaka lero. Pabenchi pomwepo anangondiuza kuti kwa chaka chathunthu ankaona thovu m'chimbudzi asisi akatulukamo, ngati wina wathiramo sopo, ndipo ankaganiza kuti ndi ukhondo wa mkazi wawo. Nesi anali atangotiuza kuti thovu lotero ndi chakudya cha thupi chimene chikudutsa m'tisefa tong'ambika. Anapukuta manja pa thalauza n'kunena kuti iwo tayala likamatuluka mpweya amaliviika m'madzi kuti aone thovu, ndiyo ntchito yawo, koma la m'nyumba mwawo sanalizindikire. Ndinafuna kuwauza kuti katundu ameneyu ndi wanga, asandilande. 

Dokotala anatipatsa miyezi itatu yoyembekezera. Asisi aziikidwa pa makina osefa magazi katatu pa sabata, maola anayi, ndipo tiziyeza mkodzo wawo wonse tsiku lililonse m'jagi ya manambala. Ukamachuluka, ndiye kuti impso zikudzuka ndipo tsiku lina makina adzawasiya. Ukamachepa, basi, ndi makina moyo wonse. Ndinamutsatira m'khonde n'kumufunsa maso ndi maso ngati loko wanga ndiye wachita zimenezi. Anati sangaloze chinthu chimodzi, zinathandizana zingapo, ndipo ena amadwala impso akumwa madzi bwinobwino. Ndi munthu wabwino dokotala uja. Koma ine ndinazitenga chimodzichimodzi zothandizanazo, ludzu, kusunga mkodzo, mapiritsi, Lachiwiri, ndipo pa chilichonse ndinapezapo dzanja langa.

Tsiku loyamba pa makina ndinkaganiza kuti asisi achita mantha. Iwo anangogona n'kumayang'ana magazi awo akutuluka m'kapaipi kamodzi, kuzungulira, kulowa m'chinthu chonga botolo lalitali loyera, n'kubwerera ndi kapaipi kena. Anafunsa nesi kuti makinawo amathiridwa oyilo kangati, ndipo akalira mwachilendo amadziwa bwanji pamene pavuta. Nesi atachoka anandinong'oneza kuti chimakina chonsechi, chachikulu ngati firiji, chikulephera kumaliza ntchito imene tinthu tiwiri tinkagwira tokha popanda kapitawo. Kenako anati kolala ya dokotala anasoka ndi anthu aulesi.

Lamulo lina ndilo linandithyola. Popeza madzi sakutuluka, sayeneranso kulowa ambiri, apo ayi amadzaza m'miyendo, kenako m'mapapo, munthu n'kumabanika ali pabedi. Asisi analoledwa theka la lita patsiku, kuwonjezera muyeso wa mkodzo wa dzulo lake. Tiyi, msuzi, madzi omwera mankhwala, zonse m'menemo. Anatsitsa okha bokosi la matambula lija, kutulutsa imodzi, kuyeza kota ya lita ndi jagi yatsopano, n'kumanga ulusi wofiira pamene madzi analekeza. Alamu anati iwo sangathe kumana mkazi wawo madzi, mtima wawo ndi wofewa. Onse awiri anayang'ana ine.

Ndiye ndinakhalanso kapitawo wawo. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndinkadzera kwawo, kunyamula jagi ya kubafa, kuiika pawindo, kuwerama kuti diso lilingane ndi manambala, n'kulemba papepala lomata kuseri kwa chitseko. Ine amene ndinkakwiya munthu akapita kuchimbudzi, tsopano ndinkatchera khutu kuti chitseko cha kubafa chilire. Sabata yoyamba mkodzo unkafika pa mamililita 400, wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, wa thovu. Sabata yachitatu tsiku lina unafika pa 850. Ndinatuluka nayo jagi mpaka pabwalo kukaonetsa alamu, anthu a nyumba yoyandikana akuona, ine ndilibe nazo manyazi. Tsiku limenelo asisi anamwa matambula asanu, pang'onopang'ono, maso atatseka.

Kuntchito ndinapitiriza kuvala kiyi mwezi wathunthu asisi ali pa makina. Musandifunse chifukwa. Mantha, kapena kuti kuvula kukanakhala kuvomera. Anandivula ndi Wailesi. Anabwera kudzaona asisi Loweruka lina, atanyamula malalanje amene asisi saloledwa kudya, n'kukhala chete kwa nthawi yoyamba chimudziwireni. Potuluka anandigwira mkono n'kundiuza kuti mawu aja a chikhodzodzo cha wachibale sakumupatsa mtendere, komanso kuti pamzere wa manja pali amayi atatu amene anasiya kubwera ndi mabotolo chifukwa akufuna kudzalandira matambula. Lolemba ndinalowa mu ofesi nditakonzeka kuchotsedwa ntchito, mawu nditawaloweza, n'kunena kuti loko ndikuchotsa. Abwana anali pafoni. Anaiphimba ndi dzanja n'kundifunsa kuti loko wake uti. Nditafotokoza anati aa, kodi akadalipo, chotsani, n'kupitiriza foni yawo. Zaka zinayi, ndipo nkhani inatha mphindi isanakwane. Ndinatuluka n'kukadzitsekera m'chimbudzi momwemo, kulira.

Tsopano pakhomo la holo pali chigubu cha madzi ndi makapu, ndipo ndimayenda m'mizere kukalipira anthu kuti amwe. Atsopano amati kapitawo wa makolala ndi wozungulira mutu, amafunsa anthu akuluakulu mtundu wa mkodzo wawo. Anene. Maoda sanachedwepo ndi tsiku limodzi lomwe, ndipo ichi ndicho chimandipweteka koposa.

Pa 850 paja sitinafikaponso. Mwezi wachiwiri unatsika kufika pa 300, wachitatu 150, masiku ena wosakwana kuphimba pansi pa jagi. Ndinayamba kupendeketsa jagi powerenga, mpaka asisi anandigwira n'kundiuza kuti ndileke, nambala yabodza iwamwetsa madzi owapha. Miyezi itatu itakwana dokotala anationetsa zithunzi. Impso zonse ziwiri zinali zitafota, zazing'ono, za zipsera. Anati pepala la kuseri kwa chitseko tikhoza kusiya. Ndinamuuza pomwepo kuti atenge yanga imodzi, ndili nazo ziwiri zongokhala. Anandiyeza masabata awiri, n'kupeza kuti nanenso magazi amathamanga ndipo shuga wayamba. Anakana. Ndinkafuna andicheke, ndimve kuwawa, ndikhale ndi chipsera choonetsa anthu, koma ngakhale zimenezo sanandilole.

Lero asisi amakhala ndi matambula awiri patsiku. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu alamu amawaperekeza ku makina. Masiku enawo amakhala pawindo ndi makina awo akale opalasa aja, kukonza makolala a ana a anthu oyandikana nawo, akatopa n'kugona. Tambula yoyamba amaigawa katatu ndi mankhwala. Yachiwiri amaisunga mpaka dzuwa litapendeka, amaiyang'ana, amaisuntha, amaviikamo chala n'kupaka pamilomo. Madzi a tsikulo ndimayeza ndine m'mawa, ndipo tinagwirizana kuti mpopi wa kukhitchini iwo sagwira.

Lamulungu lina m'mwezi wotentha, magetsi atazima ndipo fani itaima, ndinawapeza dzuwa likadali paliwombo matambula onse awiri atatha. Milomo inali itang'ambika. Akakolo anali otupa kale, chifukwa madzi onse amene anamwa kuyambira Lachisanu anali akadali m'thupi, ndipo makina anali mawa lake. Ndinanyowetsa kansalu n'kuwapukuta milomo, iwo n'kukagwira ndi mano, kukayamwa. Pamenepo ndi pamene zinanditulukira zimene ndinasunga chaka chonse.

“Asisi, impso zanu ndinapha ndine. Za loko sanayambitse abwana, ndinayambitsa ndine. Ndipo mawu aja ndinakuuzani mukusenda mbatata...”

“Ndimadziwa kuti unali iwe,” anatero. “Abwana aja nzeru ya bolodi akanaitenga kuti? Ndinakulera ndine, ndikanatha kukutukwana tsiku lomwelo n'kubwera ndi botolo langa. Koma jekete lija linkakukhala. Unabwera kuno ndi chikwama chimodzi, mutu uli pansi, kenako ndinakuona ukuyenda mowongoka. Ndinati ludzu n'chiyani.”

Ndinadikira kuti anene kuti palibe mlandu. Sananene. Anangoti ndisalire pamaso pawo chifukwa ndikuwawonjezera ludzu.

Malata ankathetheka. Kenako ndinaona akudzutsa dzanja lamanja pang'onopang'ono, chigongono chili pa tebulo la makina, zala zitatambasuka, ndendende mmene timachitira pamzere. Ankamwetulira, koma maso sanali kuseka.

“A kapitawo, kamodzi kokha. Theka la paulusi.”

Zaka zinayi ndinkayang'ana pa makina achitatu osaliona dzanja limenelo. Mpopi unali mapazi asanu kuchokera pamene ndinakhala. Ndinayang'ana akakolo awo, ndinamvetsera mmene ankapumira, mofupikitsa, ndi kaphokoso kapansipansi m'chifuwa.

“Ayi, asisi. Mpaka mawa.”

Anagwedeza mutu kuti amva, monga anachitira tsiku la mbatata, n'kutsitsa dzanja. Ndinatenga tambula ya ulusi wofiira, kuitsuka, n'kuivundikira pashelefu yapamwamba, pamene iwo safikira.